Mfundo za Mayi Verna

Julayi akangolowa, Mayi Verna amasiya kugona.
Kuno ku Berwick dzuwa limachita mwano mwezi umenewu,
teni koloko ya usiku likadali pa zenera ngati wangongole,
ndipo ine wa shifiti ya usiku ndimawapeza ali tsonga,
zala zili kalikiliki pa mphonje za katani.

Akumanga mfundo.
Katani wa chipinda nambala naini
wasanduka ukonde kuyambira m'chiuno kutsika.
Abwana analemba m'faelo: kusokonezeka kwa madzulo.
Ine sindinalembe kanthu. Ndinagwira nsonga inayo
kuti ulusi ukungike.

Dzina la mwana wawo wa ku Leeds limawathawa.
Mwamuna amene anawabweretsa kuno, woyeza miyala uja,
anatsala pa chithunzi chokha, atavala kabudula.
Koma afunseni za mtsinje wa Stikine.
Akuuzani pamene madzi amabwerera kudzadziyang'ana,
pomwe atate awo ankagoneka mtengo wautali wa ukonde
napanikiza tsinde lake ndi miyala isanu ndi iwiri,
mwala uliwonse ndi mwana wake wounyamula.
Wawo unali wachitatu, wobenthuka pakona.

"Ife Atahltan," amatero, "chaka timachidziwa ndi mphuno."
Onse ku msasa: a kusukulu, a kumigodi,
ngakhale azakhali awiri osalankhulana chichokereni maliro
ankaima pa thebulo limodzi,
mipeni ikuyankhulana m'malo mwawo.
Salimoni yofiira ngati chilonda cha lero.
Kutumbula, kucheka, kupachika pa mitanda,
pansi moto wosaloledwa kuyaka, wongofuka,
mwana wina maso ku ukonde,
wina maso kuthengo, kuopa chimbalangondo.

Lachinayi lina ndinasaina mapepala atatu
n'kuwakankha pa njinga yawo kutsikira ku Tweed.
Tinapeza amuna anayi ndi bwato limodzi,
wina akupalasa mozungulira, khoka likutsika kumbuyo kwake.
Anakoka. Ndere ndi botolo la pulasitiki.
Mayi Verna anaseka mpaka kutsamwa.
"Akuithamangitsa ngati yawabera.
Nsomba umaidikira pamene imapumira."

Kukoka kachitatu inatuluka imodzi, yonyezimira.
Mnyamata wa ndevu zofiira anabwera nayo kudzationetsa,
akufotokoza mokweza, monga amachitira ndi okalamba.
Iwo sanamumve n'komwe.
Chala chachikulu chinalowa chokha pansi pa tsaya la nsomba,
anaitembenuza, nati, "Yaikazi,"
kenako ndi chikhadabo anailemba mzere
pamene mpeni uyenera kudutsa.
Mnyamata uja anakhala chete, navula chipewa
osadziwa kuti wavula.

Lamulo limati manja apukutidwe asanadye.
Ndinapukuta lamanzere.
Lamanja analibisa m'khwapa, mamba awiri atamatirira,
ndipo usiku wonse ankalitulutsa kulinunkhiza
ngati mwana amene waba shuga.

Mphwawo Charlene anaimba, nkhope ikudukaduka pa foni.
Kumeneko kunali masana, utsi, agalu,
kamwana katanyamula nsomba yofika m'mawondo.
"Makumi awiri ndi zitatu lero, Anti!"
Mayi Verna anasendeza maso pafupi ndi galasi:
"Mukucheka zonenepa. Ziola zimenezo."
Netiweki inaduka asanayankhidwe.

Tinatsala awiri, ndi kulira kwa firiji m'khonde.
"Nanga iwe, Ulemu, kwanu akutani mwezi uno?"
Ndinati ku Mchinji akuthothola mtedza,
amakhala mozungulira mulu, miyendo tambalale,
ndipo pakati pa Esnati ndi alamu anga
pali mpata wa munthu mmodzi.
"Ndimatumiza ndalama," ndinatero.
Anandiyang'ana nthawi yaitali.
"Zimafika zikununkha chiyani?"

Sindinayankhe.
Kunja kunali kutayamba kale kuyera,
usiku wa kuno ndi wa maola anayi basi.
Belu la chipinda nambala sikisi linalira kamodzi, n'kusiya.
"Gwira apa," anatero. "Usalekerere.
Diso likakula, zonse zipulumukira pomwepo."